Ukawafunse Bwino a Zuze ku Furancungo

Rozalina mwana wanga,

Ana aweruka, ndatsala ndekha pakhonde la sikola, ndipo iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya. Mawa m'mawa ukwera koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kupita ku Furancungo kukayamba ntchito ya upurofesora, yophunzitsa ana. Ndikanatha kukuuza izi pakamwa, koma ukundidziwa. Ndikayankhula mtima uli m'mwamba ndimakalipa, ndipo iwe ukamva kukalipa umatseka makutu n'kumangoyang'ana zala zako. Choncho ndalemba. Ukawerenge ukafika, usaike pansi pa zovala n'kuiwala.

Ndakwiya nawe, ndipo sindibisa. Masana ano pa chakudya chokutsanzika unaimirira bwinobwino kuthokoza abale, ine mtima uli mbee kunyadira mwana wanga. Kenaka unati, "Ndikanakonda malemu achimwene a Kasimiro akanaona tsiku la lero." Ndinakufunsa pamaso pa onse kuti, "Malemu? Wakuuza ndani?" Iwe unayankha kuti, "Amayi, musayambenso. Aliyense akudziwa." Abambo ako aakulu a Bonifasio anagwedeza mutu ngati wayankha zanzeru, azimayi ena anayang'ana pansi kundimvera chisoni. Aliyense ameneyu ndani, Rozalina? Amakhala mudzi uti? Ndilozere njira ndikamupeze, chifukwa ine ndamufunafuna ndipo sindinamuonepo nkhope. Akanayankha choncho munthu wina ndikanangomusiya. Koma iwe ndiwe mwana wa purofesora, ndipo sabata yamawa ana a eni ake akhala pansi kukuyang'ana pakamwa.

Ndikukumbutse zimene tikudziwa, poti iwe unali ku kurso ya uphunzitsi ndipo nkhani inakupeza itaphikidwa kale. Mlongo wako Kasimiro ananyamuka kwathu ku Ntengo-Wambalame ndi ngolo ya kachewere kupita kumsika, nthawi ya chisanu. Anthu a mfuti ochokera kutchire anamupeza panjira, anamasula ng'ombe, iye n'kumutenga pamodzi ndi ena kuti akasenze katundu. Izi zinaonedwa ndi anthu amene anabisala m'dimba, ndipo ndinayankhula nawo ndekha, aliyense payekha. Zimene tikudziwa zathera pamenepo. Mvula itagwa n'kutha, ife titathawira kale kuno ku vila ya Tsangano, a Bonifasio anabwera ndi nkhope yamaliro n'kuti, "Mlamu, limbani mtima. Mwana uja anamuwombera pa mlatho." Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, analiika m'manda monga timachitira mtembo ukasowa. Anthu analira, anameta. Mlamu wako Veronika, mkazi wa Kasimiro, anameta, iwenso utabwera unapereka mutu wako. Ine ndinakhala m'nyumba, sindinatchinge munthu, koma lumo silinandikhudze. Abambo ako atamwalira ndinali nditawagwira, maso ndinawatseka ndi dzanja limene likulembali, ndipo ndinameta mpala osauzidwa ndi munthu. Amene akuti ndine wouma mtima akafunse za tsiku limenelo.

Tsopano abale akufuna kuti tikangokolola amusudzule Veronika, abwerere kwawo kutsidya kwa malire ndi mwana, akhale womasuka kukwatiwa. Veronika ndi mwana wabwino. Sindikufuna kumumangirira pa mwamuna wakufa, komanso sindingapereke mkazi wa munthu wamoyo. Ndinakhala naye pansi, iye anati, "Amayi, ndidikira mpaka tikolole, koma kupitirira apo abale anga sandilola." Chimanga chayamba kale kuuma masamba, wachiona wekha.

Dzulo unandionetsa makaderno ako, makope olembamo a ku kurso, ukunyada. Ndinawatsegula onse. Zilembo zokongola, mitu yodulidwa mzere ndi lapisi yofiira, popanda pofufuta. Koma tsamba lililonse ndi zimene mphunzitsi wanu analemba ndi choko pa kwadro, iwe n'kukopera. Ndinafunafuna pamene unalembapo funso lakolako, kapena pamene unakayikira kanthu, sindinapapeze. Kenaka unadandaula kuti, "Akuti ku Furancungo mabuku onse anapsa, ndiye ana ndikawaphunzitsa chiyani?" Taona, akuti winanso! Ngakhale atapsadi, kodi msika unapsanso? Agogo awo a anawo anapsa? Ife pano timalemba pa mapepala a matumba a simenti, lapisi imodzi timaidula patatu, koma ana anga a teresera, a kalasi yachitatu, ukawatuma kukafufuza kanthu amabwera nako kali ndi mutu ndi miyendo. Mwana wongodziwa kukopera amakula n'kukhala munthu wongodziwa kubwereza zimene wamva. Anthu otere ndi amene anandikwiririra nthochi n'kundiuza kuti ndilire.

Usaganize kuti ine ndinabadwa ndikudziwa izi. Chaka changa choyamba ku Ntengo-Wambalame, nkhondo isanafike, ndinatuma ana kukafunsa akuluakulu mayina a timitsinje tonse timene munthu amawoloka kuchokera pa sikola kukafika kumsika. Kamtsikana kena, Filomena, kanabweretsa tsamba loyera bwino, mayina ali ndondondo mpaka pansi. Kamnyamata kena, Tome, kanabweretsa tsamba lamafutamafuta, pakati pali mpata, pampatapo kalemba kuti, "Apa agogo aiwala, amalume sakudziwa." Ine ndinayamikira Filomena, Tome ndinamuimika kutsogolo n'kumunena kuti ndi waulesi. Patapita masiku, ndikupita kumsika, ndinafunsa mayi wina amene ankachapa pa kamtsinje kapakati kaja kuti dzina lake ndi chiyani. Silinali limene Filomena analemba. Nditamuitana mwanayo anayankha ndi mtima woyera kuti, "A purofesora, pamene panalibe kanthu pankaoneka poipa, ndiye ndinaikapo lina." Sanali mwana woipa, ankangofuna kuti tsamba lidzaze. Kuyambira pamenepo mwana wosiya mpata n'kulemba kuti sakudziwa ndimamuombetsa m'manja. Ndipo pansi pa chinthu chilichonse chimene mwana walemba ndimafuna dzina la amene wamuuza, ndi kuti munthuyo anaona ndi maso kapena anangomva.

Abambo ako aakulu ndi Filomena wa ndevu. Maliro a nthochi atatha ndinawalondola, ndinati, "Alamu, za mlatho zija anakuuzani ndani?" Anati, "Akatekista. Koma mlamu, mukudzivutitsiranji?" Ndinapita kwa akatekista. Iwo anadabwa, anati, "Ine ndinanena kuti ndamva zoti mwana uja anafa. Za mlatho ndi za kuwombera sindinanene, kaya anazitenga kuti." Ndinafunsa kuti nanga iwo anamva kwa ndani. Anati kwa mayi wina wogulitsa mchere amene amayenda m'misika ya m'malire. Ndinamudikira mayiyo masiku a msika angapo, miyendo yotupayi ili padzuwa, mpaka ndinamupeza. Tamva zimene ananena, ndinazilemba tsiku lomwelo: "Ine mayi, dzina la mwana wanu sindinalimve. Anandiuza ndi a Zuze, okhoma zidebe pa msika wa Furancungo, amene anagwidwapo ndi anthu a mfuti n'kuthawa. Anati mnyamata wina wa ngolo wa ku Ntengo-Wambalame anagwa ndi katundu panjira, iwo n'kumusiya pomwepo. Ine ndinangowauza akatekista kuti mwina ndi uja mukumufunayu."

Waona, Rozalina? Nkhani inanyamuka ili mnyamata wina amene anagwa. Pa mayi wa mchere inakhala mwina. Pa akatekista mwina uja anathothoka, mnyamata anafa. Pa a Bonifasio inapeza dzina, mlatho ndi chipolopolo. Palibe amene anafuna kunama, aliyense anangoona mpata n'kuikapo kake. Ku Ntengo-Wambalame khomo lililonse la ng'ombe lili ndi mnyamata wa ngolo, ndipo sanatengedwe mmodzi. Nditabwerera kukawauza abambo ako aakulu zimenezi, anati, "Mlamu, sikola yakuonongani mutu. Taika kale, tameta kale, mukufuna tifukule?" Ndinati fukulani, mupezamo nthochi. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo ndi wa pakhosi, ndipo ine sindikusowa nazo tulo.

Ku Furancungo ine sindingafikeko. Kalasi sindingaisiye, chikalata cha ulendo sandipatsa popanda chifukwa cha ntchito, ndipo miyendo yanga siingakwere galimoto lalitali lija. Tsopano boma lakutumiza iwe komweko, pamsika womwewo ndi pamene uzikagula tomato. Ukawafune a Zuze. Ndi ntchito yoyamba imene ndikukupatsa ngati purofesora mnzanga, ndipo ndidzaichonga monga ndimachongera ya ana.

Koma usakathamangire ndi kaderno m'manja. Nkhondo itangoyamba kumveka kutali, ndinatuma ana kukafunsa mmene akuluakulu amasungira mbewu kuti isafumbwe. Sindinawauze kafikidwe. Anafika pakhomo la gogo wina ali chiimire, moni wa theka, makaderno otsegula, n'kuyamba kuti, "Dzina lanu ndani? Nkhokwe muli nazo zingati?" Gogoyo anawapirikitsa ndi mthiko. Tsiku lomwelo anatapa chimanga m'nkhokwe kukabisa kuthengo poganiza kuti alembedwa kuti anthu a mfuti adzatenge, mvula n'kuchipeza komweko. Anabwera pa sikola kudzanditukwana ana akumva, ndipo anali kunena zoona. Ndinakamuthandiza kututa chimene chinatsala. Masiku ano munthu akaona lapisi ikuyenda iye akuyankhula amaganiza kuti dzina lake likupita kwina. A Zuze ndi munthu amene anasenzapo katundu mfuti ili kumsana, ndiye ukangowatulukira ndi pepala adzakuuza kuti sakudziwa kanthu, ndipo sindingawadzudzule.

Chidebe chobooka chija ndamangirira pa katundu wako, chimene umati chikuchititsa manyazi, usachisiye. Upite nacho kwa iwo. Upereke moni wonse, ukhale pansi, uwasiye akhome. Usawachenjerere ayi, uwauze kuti ndiwe mwana wa yani, wachokera kuti, ndi kuti mlongo wako anatengedwa. Uwafunse ngati angalole kukuuza zimene anaona. Akakana tsiku loyamba uthokoze, utenge chidebe chako, udzapitenso tsiku lina ndi poto. Akalola kuyankhula, upemphe kuti ulembe. Akati usalembe, bweza lapisi m'thumba, umvetsere ndi makutu onse, ndipo ukangofika kunyumba ulembe usanadye, usanauze munthu aliyense. Nkhani ikagona m'mutu imadzuka itathiridwa mchere. Za kumene kuli misasa ndi mayina a anthu a mfuti usalembe, sitikuzifuna, ndipo mapepala amafufuzidwa panjira.

Tsopano tamvetsera bwino apa, chifukwa ndi pamene ndikukuopera. Chaka china kachewere anada masamba dera lonse. Ine ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti ndi nkhungu ya m'mawa. Ndinauza ana kuti, "Mukafunse makolo anu ngati si nkhungu ikuononga kachewere." Anabwera onse ndi inde. Purofesora mnzanga wa kalasi ina, amene ankati ndi mbewu yoipa, anatuma ana ake kukafunsa ngati si mbewu. Onse inde. Makolo ake omwewo, Rozalina, ena ana awo anali m'makalasi onse awiri! Tinakangana pabwalo la sikola ngati atambala, aliyense atanyamula mulu wake wa inde, mpaka a diretori, akulu a sikola, anatiseka misozi. Anthu athu ndi aulemu. Ukawaikira yankho m'funso amangokubwezera lomwelo kuti upite wokondwa. Sitinadziwe chimene chinadwalitsa kachewere chaka chimenecho, tinangodziwa zimene tinkaganiza kale.

A Zuze adzaona mtsikana wa maso achisoni ndipo adzafuna kukupatsa chimene akuganiza kuti wadzera. Ukati, "Anafa eti?" adzati anafa. Ukati, "Mwina ali moyo?" adzati mwina. Usawaikire mawu m'kamwa. Iwe ukudziwa chipsera chimene Kasimiro ali nacho pachibwano pamene ng'ombe inamukanda ndi nyanga, ukudziwa kuti ndi wamanzere, ukudziwa kuti ng'ombe zake ina inali yakuda yothyoka nyanga, ina yofiira. Zimenezo uzitsekere m'kamwa mwako, usatchule ngakhale chimodzi. Ufunse kuti, "Mnyamatayo ankaoneka bwanji? Anzake ankamuitana dzina lanji? Ng'ombe zake munaziona?" Ukafunsa ukhale chete. Ndikukudziwa, chete amakuyabwa, umafuna kuthandiza munthu kumaliza mawu ake, unayamba uli wamng'ono. Luma lilime. Ngati chipseracho anachiona adzachitchula okha, ndipo akachitchula okha ndiye kuti ndi iye.

Usawafunse za tsiku ndi mwezi, munthu amene ali m'manja mwa anthu a mfuti sawerenga kalendala. Uwafunse kuti m'minda munali chiyani, udzu unali wouma kapena wauwisi, mitsinje ankawoloka madzi akufika pati. Mlongo wako anatengedwa kukuzizira, udzu utauma. Akati chimanga chinali kumasula ndipo mitsinje inali yodzaza, ndiye kuti ndi mnyamata wina, kapena Kasimiro anali adakali moyo mpaka dzinja. Zonsezo ndikufuna kuzidziwa. Ufunsenso kuti pamene iwo ankachoka, mnyamatayo anali bwanji. Kodi anamuyandikira, kapena anamuonera patali ali pamzere? Kodi panali ndani wina amene anaona? Akatchula munthu amene ungamupeze, ukamufunsenso payekha, a Zuze palibe, ndipo usamuuze zimene a Zuze anena.

Ulembe m'Chichewa, mawu awo enieni, ngakhale akhale okhotakhota. Ndaona mmene anakuphunzitsirani ku kurso, kutenga nkhani ya munthu n'kuiveka Chipwitikizi chosalala mpaka mwini wake osaizindikira. Akati anagwa, ulembe kuti anagwa. Udule mzere pakati pa tsamba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mbali ina ulembe zimene iwo anena, mbali ina zimene iwe ukuganiza, ndipo ziwirizi zisawolokerane. Pamwamba ulembe tsiku limene wawafunsa ndi malo ake, usalembe kuti lero kapena dzulo, chifukwa kalata ikafika kuno patapita masabata lero lakolo silindithandiza. Ukatha, ngati alola, uwawerengere zimene walemba n'kufunsa kuti, "Kodi ndi mmene mwanenera?" Udzadabwa kuona kuti munthu amakonza zingati akamva mawu ake akubwerera kwa iye. Pamene sakudziwa usiye mpata ngati Tome.

Zonsezi si za a Zuze okha. Ukawaphunzitse ana ako a ku Furancungo, kuyambira sabata yoyamba, usadikire mabuku. Uwatume ku zinthu zazing'ono zimene siziopsa munthu: kumene kumachokera mchere wa pamsika, mitundu ya nyemba imene amayi awo amadzala, nyimbo zimene agogo ankaimba popera. Uwayesetse kaye m'kalasi, wina akhale gogo wina akhale wofunsa, aseke, alakwitse pamaso pako asanakalakwitse pakhomo la eni ake. Asalembe zonse zimene amva, mwana wolemba mawu aliwonse samvetsera. Alembe mawu ochepa ogwira nkhani, enawo adzafotokoze pakamwa. Ana awiri akabwera ndi mayankho osiyana usasankhe la wolemba bwino, uwatume onse kwa munthu wachitatu. Ndipo mwana aliyense akaimirira n'kuyamba ndi akuti, kalasi yonse imufunse kuti wakuuza ndani. Anga pano amachita kuimba funso limeneli, mpaka makolo ena anadzadandaula kuti ana akuwafunsa nalo kunyumba. Ndinawauza kuti ayankhe.

Usandimve molakwa. Mfuti ikalira pafupi, ana athawe kaye, zofunsa adzafunsa ali kuthengo. Sindikuti uphunzitse ana kukana chilichonse kapena kuderera akulu. Ndikuti nkhondo ino yatidzazira akuti m'midzi monse. Akuti uje ndi kazitape, munthu n'kumenyedwa. Akuti njira yakuti ndi yabwino, anthu n'kupita osabwerako. Akuti mwana wako anafa, tiye timete. Ana amene ukawaphunzitse ndi amene adzafunefune abale awo nkhondo ikadzatha, m'midzi ndi m'misasa ya kutsidya, ndipo adzafunika kudziwa kufunsa. Ukawapatsa zilembo zokongola zokha wawanyenga, ndipo ine sindinakulerere zimenezo.

Tsopano mawu amene akundivuta kulemba. Anthu akuganiza kuti ndikukana kuti mwana wanga angafe. Sindine wopusa, Rozalina, ndikudziwa zimene zimawachitikira anthu osenza katundu akagwa panjira. Masiku ena ndimadzuka ndikukhulupirira kuti anapita. Sindikukutuma kuti ukandibweretsere mwana wamoyo. Ndikukutuma kuti ukandibweretsere zimene munthu anaona ndi maso ake. A Zuze akatchula okha chipsera chija, akati anamuyandikira ndipo sankapuma, ulembe momwemo. Usandinyengerere, usazungulire, usati udikire kuti udzandiuze pakamwa pa tchuthi, chifukwa pamenepo tidzakhala titakolola kale. Ukandibisira pondimvera chisoni udzakhala wachita chimodzimodzi ndi a Bonifasio, kungoti iwe wadzaza mpata ndi zokoma. Akati mnyamatayo anali wina, ulembe. Akati sakukumbuka, ulembe kuti sakukumbuka, ndipo ndidzakhala pansi ndi Veronika tione chochita tili ndi chilungamo m'manja. Kalata yako ikadzayamba ndi akuti, ndidzakubwezera ndi koluna yomweyo nditaidula ndi lapisi yofiira.

Ndikuopa ulendo wako wa mawa, ndinene poyera. Njira inandilanda kale mwana mmodzi ndipo ndikuperekanso wina ndi manja anga. Ukhale pakati pa galimoto, osati kumphepete. Mukaima panjira usapatuke kupita patchire, uponde pamene aponda anzako. Mbatata yootcha ili m'chidebe muja, udye isanaume. Ukafika utumize mawu kudzera mwa munthu amene wakuona ndi maso, dzina lake ndilidziwe, chifukwa amene adzabwere kudzandiuza kuti wamva zoti unafika bwino ndidzamufunsanso funso lomwe lija.

Lumo ndinagula kale, lili m'kachitini pamodzi ndi singano, Veronika akudziwa pamene lili. Tsitsi langa pansi pa mpangowu lakula, lachita imvi, limandiyabwa ndikamaphunzitsa, ndipo azimayi kutchalitchi amaliyang'ana akamaganiza kuti sindikuona. Ndatopa nalo, mwana wanga. Iwe unameta chifukwa aliyense ankameta, lako lamera kale. Langa likudikira tsamba limodzi lolembedwa ndi dzanja lako. Ukawafunse bwino a Zuze, undiuze ngati ndimete.

Mulungu akutsogolere panjira, ngakhale wandipsetsa mtima lero.

Ndine mayi wako,
Nangondo